Ndinazula Chingwe ku Bangula

Chingwe chija ndinazula ndine, mlonda wa pa ofesi ya alimi ku Bangula.

Tsikulo mayi wa makompyuta ankayesa koyamba pulogalamu yaulere. Ukaifunsa funso limodzi, makompyuta atatu amagawana ntchito n'kuyankhira pamodzi. Funso linali la minda yomwe inamira, kuti eni ake alandire mbewu. Wanga unali momwemo.

Ndinasangalala zedi. Ndinafuna kujambula dzina langa likatuluka, koma foni inalibe moto. Ndinazula chingwe chimodzi kuseri kwa makompyutawo, n'kulowetsa tchaja.

Mayina sanatuluke. Alimi anayamba kung'ung'udza, mayi uja thukuta lili kamukamu. Ndinazulanso tchaja mwakachetechete.

"Bambo, alipo wagwira kuseri uku?" anandifunsa.

Ndinakonza chipewa, n'kulowera kugeti, foni ikunditentha m'thumba.