Mabuku Ovala Khaki

Kunja kukangoyamba kuyera, bambo woyang'anira laibulale ankakhala atafika kale. Ankatsegula mawindo onse, kusungunula guluu m'kachitini, kenaka n'kukhala pa tebulo la pakona kumata mabuku othothoka masamba. Zala zawo zinkanata tsiku lonse, choncho anthu anawatcha Aguluu, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka imvi.

Mayi wosesa, wamasiye wokonda mapemphero, ankafika pambuyo pawo.

"Mwachedwanso, achemwali," ankatero Aguluu. "Fumbili latsala pang'ono kuphunzira kuwerenga."

"Likaphunzira mulisiyire mpando wanuwo, achimwene, mukapume."

Pansi pa tebulo lawo panali shelefu ya mabuku okutidwa ndi pepala la khaki, opanda dzina kunja. Munali nkhani zimene anthu amangonong'onezana: za kuchipinda, za achibale ogonana, za zoipa zimene banja limakwirira. Wobwereka sankafunsidwa kanthu. Ndipo kumapeto kwa buku lililonse Aguluu ankamatako pepala loyera, kuti wowerenga alembepo mzere umodzi, osaika dzina.

Nkhani ya shelefuyo inafika ku komiti ya makolo yoona za laibulaleyo. Wapampando anatuma mayi wosesa, poti ankadziwika kuti ndi wopemphera, kuti abweretse buku limodzi ngati umboni. Likapezeka lolaula, shelefu yonse ipsa.

Mayiyo anasolola kabuku kopyapyala, natsegula pakati. M'nkhanimo anakumana ndi mtsikana, amalume ake, ndi chitseko chotsekedwa. Anakatseka msanga, nkhope ikutentha.

"Achimwene, pa ukalamba wanuwu, zoterezi?"

"Mwayambira pakati," anayankha Aguluu, osasiya kumata. "Buku lanu la kutchalitchi lija nalonso lili ndi nkhani zotere, koma simunaliponye pamoto. Werengani mpaka kumapeto. Machesi ndikupatsani ndekha."

Anakawerenga masana atatu m'kachipinda kosungira matsache, atakhala pa ndowa yovundikira. Bukulo silinachedwe pa chitseko chija. Linatsatira mtsikanayo: mmene azakhali anamuuzira kuti asachititse banja manyazi, mmene ankagwadirabe popereka madzi kwa amalumewo alendo akabwera, mmene anakulira n'kukwatiwa pakamwa pali potseka. Mayi wosesa ankadziwa tsamba lotsatira asanalitembenuze. Zinali zake. Zaka makumi anayi sanauze munthu, ngakhale malemu amuna ake.

Pa pepala lakumapeto panali zolemba za manja khumi ndi limodzi. "Ndinkayesa ndine ndekha." "Ndawauza amayi." Wina anangolemba kuti, "Inenso." Mayiyo analira mpaka epuloni inanyowa, kenaka anapemphera, ndipo kwa nthawi yoyamba anatchula chinthucho pamaso pa Mulungu.

Tsiku la komiti anaimirira bukulo lili m'manja.

"Ndaliwerenga lonse. Zonyansa zilimo, koma si bukuli linazichita. Linangokana kuzibisa."

Za iye mwini sananene. Anangotsegula pepala lakumapeto, naliyendetsa. Wapampando anawerenga, natsokomola. Mayi wina wovala bwino analiyang'ana nthawi yaitali, nalipereka kwa mnzake maso ali pansi. Za moto palibe anazitchulanso.

Kutacha mayi wosesa anabweza bukulo. Aguluu sanafunse chifukwa chimene maso ake anatupira. Anangotsegula kumapeto, naona kuti manja akadali khumi ndi limodzi, namupatsa pensulo imene ankaipachika kukhutu. Ananena mawu ochepa, motsitsa.

"Ndikasese kaye," anayankha mayiyo, naika pensuloyo m'thumba.

Aguluu anamwalira chaka chathachi, atadwala sabata imodzi yokha. Woyang'anira watsopano amafika mochedwa, choncho mawindo amatsegula mayi wosesa, ndipo ndiye amene amakuta mabuku a pansi pa tebulo, ngakhale makona ake satuluka bwino ngati a malemuwo. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, amathokoza Mulungu chifukwa cha munthu amene sanamufunse kanthu.

Kabuku kaja kakadalipo. Manja afika khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo malo atsala ochepa pansi pa pepalalo. Pensulo ikadali m'thumba la epuloni. Akaigunda ndi chala, amamva mawu aja ngati anenedwa dzulo:

"Achemwali, mudzalembepo kanthu. Kamzere kamodzi basi, ka amene akubwera pambuyo panu."