Insulina yanu mu jeleira ya eni

Amayi, lero ndagula madzi pa baraka, kagolosale ka abambo aja oyandikana nafe kuno ku Matundo, ndipo botolo lonse linali loundana gwa. Madziwo achokera mu jeleira yawo, firiji yomwe ija inkasunga insulina yanu, poti ife tinalibe yathu, ndipo kutentha kwa Tete mukukudziwa.

Ndakumbuka m'mawa uja munakweza kabotolo kanu powala n'kunena kuti, "Mwanawe, mankhwalawa sanali chonchi. Muli timibulu." Tinapita kukafunsa. Abambowo anaseka, amvekere, "Mayi, ndimaika kuchitseko, kutali ndi koundana." Inu munangothokoza, poopa kuti angaleke kutisungira, ndipo munapitiriza kudzibaya. Kuyambira pamenepo shuga wanu sanatsikenso. Kuchipatala enfermeira, ndiye kuti namwino, anadzatiuza, mutafooka kale, kuti insulina ikaundana yatha mphamvu, ngakhale itasungunuka.

Umboni ndilibe, Amayi, mwina ndikuwachimwira abambowo. Pamaliro anu anabwera, anathandiza ndi kukumba komwe. Koma chichokereni inu amandipatsa moni akuyang'ana kumbali, ndipo dzina lanu sanalitchulepo.