Tsiku Limene Tinaika Achemwali, Mkazi wa Phungu

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti. Linali tsiku lachitatu tili pa maliro a achemwali anga, kunyumba kwa amayi ku Chimwankhunda. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, ena akusinza chotsamira khoma. Kunja kunkagwa chiperoni, ndipo abambo anali ataunjikana pamoto, manja ali m'matumba a majekete.

Alamu anga, mwamuna wa malemu, pamotopo panalibe. Anagona kunyumba kwawo ku Mpingwe. Anatumiza uthenga woti dokotala anawaletsa kukhala pa utsi.

Alamuwo ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo, komanso mkulu wa mpingo. Maukwati ambiri a kutchalitchi kwathu amawapempha iwo kuti alangize. Ndawamvapo kangapo akuuza akwati kuti mwamuna ndi mutu wa banja, ndipo mkazi akadwala, mwamuna ndiye ayenera kukhala woyamba kufika pambali pa bedi. Amayankhula bwino, anthu amaomba m'manja.

Achemwali anadwala impso miyezi isanu ndi itatu. Kuchipatala tinkasinthana ine ndi amayi. Alamu anabwerako kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anabwera ndi munthu wojambula. Sabata yomaliza, madokotala atanena poyera kuti zinthu sizili bwino, iwo ananyamuka ndi timu ya atsikana ya mpira wamanja, yomwe amati ndi bambo wake, kupita ku mpikisano kunja kwa dziko. Basi ili pafupi kunyamuka, osewera atatu anauzidwa kuti malo atha. M'malo mwawo munakwera alamu, phungu mnzawo, ndi mayi wina amene analembedwa kuti ndi wosisita osewera, pomwe pabwalo palibe amene anamuonapo. Timu inakaluza chifukwa inalibe osinthana nawo. Kenako chithunzi chinatuluka m'nyuzi ndi m'mafoni, alamu atakhala pahotela, mayi uja atawatsamira paphewa.

Achemwali anachiona chithunzicho pa foni ya munthu amene ankadwazika m'bale wake pa bedi loyandikana. Sanalire. Anavula mphete yaukwati, yomwe inangotsetsereka yokha poti chala chinali chitaonda, nandipatsa. Anandiuza kuti ndidzawabwezere eni ake m'manja bokosi lisanatsekedwe, ndiponso kuti maliro awo adzatulukire kwa amayi, osati ku Mpingwe. Patapita masiku anayi anatisiya. Alamu anali asanabwere.

M'mawa umenewo mpheteyo inali pa mfundo ya chitenje changa. Kuseri kwa nyumba moto unavuta kuyaka chifukwa nkhuni zinali zitanyowa, ndipo amayi oyandikana nafe ankaduladula kabichi maso akutuluka misozi ndi utsi. Amenewa ndi anthu amene anamudziwa malemu ali mwana. Ankagwira ntchito osayankhula zambiri.

Cha m'ma eyiti kunafika malole. Anatsitsa matenti awiri ndi mipando, kenako anthu ovala nsalu za chipani. Mayi wina mwa iwo anandigwira pamkono n'kundifunsa ngati wamwalirayo anali mkazi wa bwana kapena mayi awo. Ndinamuyankha, iye n'kupita kukayamba kulira.

Magalimoto a aphungu anatseka msewu wonse, moti ogulitsa makala ankatsika n'kumakankha njinga m'ngalande. Tenti yakutsogolo inali ya olemekezeka, mipando yake yawofuwofu. Amalume athu ochokera ku Manja, amene anawaimira achemwali ngati ankhoswe pa ukwati wawo, anaima kumbuyo chiperoni chikuwanyowetsa, mpaka wina anawabweretsera benchi.

Alamu anafika nthawi ya teni, atavala suti yakuda ndi magalasi akuda, anthu awiri atawagwira uku ndi uku. Kuchokera pagalimoto anayenda bwinobwino. Mawondo anayamba kuwalobodoka atafika pamene panaima atolankhani.

Itakwana nthawi yoona nkhope, achibale tinalowa m'nyumba. Achemwali anali atavekedwa zoyera za amayi a mpingo. Mwana wawo yekhayo, mtsikana amene ali kukoleji, anaima pafupi ndi agogo ake, ndipo bambo ake atamutambasulira dzanja anangoyang'ana pansi. Ndinali ndisanawayankhepo alamu mwamwano chikwatirire achemwali, ndipo ndinkadziwa kuti amalume sangakondwere. Koma wokhoma bokosi anali ataima kale pakhomo. Ndinamasula mfundo ija, ndinagwira dzanja la alamu n'kuikamo mphete.

"Alamu, achemwali anati ndikupatseni iyi. Akuti asapite nayo."

Anaiyang'ana, kenako anayang'ana kukhomo kuti aone amene akuona. Anandinong'oneza kuti, "Mlamu, zimenezi si za pano. Kunjaku kuli anthu."

"Kuchipatala kunalibe anthu, koma simunkabwera."

Anaiponya m'thumba la jekete, momwe munali makiyi, ndipo inalira. Amalume anamva zonse. Anangouza wokhoma uja kuti alowe.

Kunja mwambo unatalika. Woimira banja anayankhula mwachidule. Kenako anaimirira phungu mnzawo uja, yemwe uja anakwera nawo basi, n'kunena kuti alamu ndi chitsanzo cha mwamuna wachikhristu, ndipo anasamalira mkazi wawo mpaka mpweya womaliza. Anawonjeza kuti adani andale akufuna kuipitsa mbiri ya munthu wosalakwa pa nthawi yachisoni. A nsalu za chipani anavomera. Kumbali ya amayi a mpingo, amene ankabwera kuchipatala Lachinayi lililonse ndi mabotolo a tiyi, kunali zii. Mmodzi wokalamba anatsokomola kwa nthawi yaitali mpaka phunguyo anasokonezeka n'kutchula dzina la malemu molakwika.

Abusa analalikira za lonjezo limene mwamuna amapanga pa guwa, loti pa mtendere ndi pa matenda adzakhalapo. Anati lonjezolo silichitikira m'tchalitchi ayi, limachitikira mu wodi, pamene pali beseni ndi fungo la mankhwala. Ndinaganiza kuti apitiriza. Koma atayang'ana tenti yakutsogolo, anatembenuza nkhani n'kuyamba kuthokoza olemekezeka chifukwa cha malata a nyumba ya abusa. Alamu ankagwedeza mutu pa zonse ziwiri mofanana.

Tinanyamuka kupita kumanda itadutsa wanu koloko. Galimoto yonyamula thupi inali patsogolo, amayi a mpingo akuimba m'lole yotseguka, maambulera atatembenuzika ndi mphepo. M'mbali mwa msewu anthu ankaima, ena kuvula zipewa. Mamini basi anapatuka. Kondakitala wina, ataona magalimoto a aphungu, anakuwa kufunsa ngati atsikana aja anawapezera malo lero. M'lole mwathu munalibe amene anamudzudzula.

Kumanda dothi linali lonyowa, likumatirira ku makasu a adzukulu. Atatha kukwirira, anaitana oika nkhata. Ya alamu inali yaikulu ngati chitseko, inachita kunyamulidwa ndi anthu awiri. Anagwada pa nsalu imene anawayalira kuti thalauza isade, n'kukhala chogwada mpaka ojambula onse atamaliza. Amayi anaika yawo mothandizidwa ndi mdzukulu wawo. Pamapeto, osaitanidwa, anabwera atsikana atatu aataliatali atavala zitenje, n'kuika timaluwa tothyola pa mpanda. Wina anandiuza kuti ndi osewera aja anasiyidwa. Timu ikamakonzekera masewera, achemwali ndi amene ankawaphikira kunyumba kwawo. Atsikanawo anadutsa pamaso pa alamu osawapatsa moni. Abusa asanatseke ndi pemphero, magalimoto a olemekezeka anali atayamba kale kulira.

Pofika madzulo matenti anali atachotsedwa. Pabwalo panatsala matope, phulusa ndi mapepala a pulogalamu okhala ndi nkhope ya achemwali, anthu atawapondaponda. Ndinatola amene ndinatha kutola. Alamu sanabwererenso kunyumba kwa amayi. Anatumiza dalaivala kuti adzatenge mwana wawo, koma mtsikanayo anati agona kwa agogo, ndipo galimoto inabwerera yopanda munthu.

Tinakhala atatu pabalaza, mipando isanabwezedwe m'malo mwake. Amayi anatsegula wailesi kuti amve nthawi. Kunali nkhani zamasewera. Wowerenga anati komiti yofufuza za ulendo wa timu ija yaimitsa kaye ntchito yake, chifukwa phungu wokhudzidwayo wapempha kuti alemekezedwe pamene akulira mkazi wake wokondedwa.

Amayi anazimitsa wailesiyo. Kenako anati, "Mwana wanga anamuchapira munthu ameneyu zaka makumi awiri ndi zinayi. Lero ali m'dothi, akumuchapirabe."

Mtsikana uja anadzuka n'kukatseka chitseko, chomwe chinali chosatseka masiku atatu.