Ndinalondera Pulinta Yakufa Mwana Akufooka

Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga chifukwa choopa kufunsa.

Kwathu ndi ku Chikweo. Kuchipatala chathu chaching'ono akakuyeza magazi amalemba ndi bolopeni m'buku n'kukupatsa pawindo pomwepo. Ndiye mwana wanga atatentha thupi, zikhatho zitayera, anatitumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko bambo wina wa ku labu anamutenga magazi, atayeza anakhala pa kompyuta. Kompyuta yake yachikale, galasi lakuda bii, zilembo zobiriwira zokhazokha, chithunzi olo chimodzi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma ndinasuzumira ndithu. Analemba mzere umodzi, n'kudina batani, n'kunena kuti, "Basi mayi, pitani kwa adokotala."

Koma pulinta imene inali pambali pawo sinatulutse kanthu. Ndinaiona ndi maso angawa. Mumtima ndinati, ndikapita chimanjamanja akandibweza, ndidzayambirenso mzere. Ndinakhala pabenchi, mwana pamiyendo, maso pa pulintayo. Anthu ankabwera, ankachoka opanda pepala, ine n'kumadabwa kuti anzangawa akuthamangira chiyani. Kufunsa ndinkaopa poti bambowo anali otanganidwa, nkhope yosamasuka.

Dzuwa litapendeka mwana anasiya kuyamwa, khosi lende. Ndinakuwa. Namwino wina anathamangira pomwepo, atawerenga dzina pabuku la kuchipatala la mwanayo anagwira pakamwa. "Inu mayi! Takhala tikukuitanani kuyambira m'mawa!" Anandikokera kwa adokotala, ndipo pepala la mwana wanga linali patebulo. Magazi anali atachepa kwambiri. Anamuwonjezera magazi tsiku lomwelo.

Mwana atayambanso kuyamwa ndinalimba mtima, ndinafunsa namwino uja kuti pepalalo linadzera pati ine ndili maso pa pulinta ija. Anandilozera waya wotuwa wodutsa pansi pa denga. Akuti bambo aja akalemba mzere uja, mawu amayenda m'wayamo n'kukatulukira pa pulinta ya m'chipinda cha adokotala. Ija ndinkalonderayo inafa kalekale, amangoikapo kapu ya tiyi. Kapuyotu ndinaiona, koma sindinaganize.

Amayi anzanga, mukafika malo achilendo musamaganize kuti zonse zimayenda ngati kwanu. Funsani, olo akuzazireni. Kuzaziridwa kumaiwalika mukangotuluka pageti. Ine ndinaopa nkhope ya munthu, n'kutha tsiku ndikudikira makina akufa, mwana akuzizira m'manja mwanga.