Agogo pa Njinga Yamoto

Mayi anga anamwalira osasiya chithunzi. Agogo amene anandilera ankaopa kuti nawonso adzapita chimodzimodzi, koma malume atandipatsa kamera yakale pochokera ku Joni, agogowo anakana kuti ndiwajambule.

"Filimu ndi ya makasitomala," anatero. "Ine ndidzaonekera m'chithunzi cha eni ake."

Matipate anali atangoyamba kumene. Kwathu kunali alangizi a zaulimi ochokera ku Ntcheu ndi mkulu wina wa zaumoyo, onse ndi njinga zamoto. Anapangana kuti Loweruka apikisane pa msewu wafumbi, kuchokera pa mlatho kukafika pa chigayo. Alangiziwo anandipeza pakhomo.

"Achimwene, ndikufuna chithunzi choti aliyense aone kuti ndikuthamangadi. Osati ngati ndaimika njinga kuseri kwa ofesi."

Njira yake ndinkaidziwa. Bambo wina wotsuka filimu ku Limbe anandiphunzitsa kuti kachitseko ka m'kamera umakachedwetsa kutseka, zigongono uzikanikize m'nthiti, uzitembenuka m'chiuno motsatira njingayo, n'kudina usanasiye kutembenuka. Wothamangayo amaoneka bwinobwino, koma zonse zoima kumbuyo kwake zimapakika ngati wina wazipukuta ndi nsanza. Ndinayeserera sabata yonse pa nkhuku, kamera ilibe filimu.

Mbiri inawanda kuti kukhala kujambula. Loweruka m'mawa ndinapeza anthu atasamba, atavala za ku tchalitchi, atandanda tsidya la msewu moyang'anana ndi pamene ndinaima. Patsogolo panali agogo, chitenje chofiira chatsopano, duku, ndi ambulera ngakhale kunalibe mvula. Onse anaima njo, manja m'mbali, monga munthu amaimira pojambulidwa.

Ndinadziwa chimene chichitike. Koma ine ndinakula wosayankhula pamaso pa akulu, ndipo pamenepo panali akulu okhaokha.

"Musapume, anzanga!" agogo anafuula njinga zitamveka.

Wa zaumoyo anadutsa kaye, ndinamusiya. Alangizi anabwera pambuyo, chibwano pa chiwongolero. Ndinatembenuka nawo, n'kudina.

Zithunzi zinabwera patatha sabata ziwiri. Alangizi anasangalala mpaka kundigwira chanza kawiri. Mpikisano analuza, koma m'chithunzimo munalibe wa zaumoyo. Agogo anachilanda, kuchiyandikiza kumaso, kuchitalikitsa.

"Ine ndili pati?"

"Apa, agogo. Pofiirapa."

"Awa ndi malovu a munthu wodya nzimbe yowola. Ine ndinaima osaphethira n'komwe!"

"N'chifukwa chake," ndinayankha chapansipansi.

Kenaka anagamula okha. "Kamera ya ku Joni imaona othamanga okha. Kumeneko aliyense amakhala akuthawa."

Ndinawapempha kuti akhale pakhonde ndiwajambule, ndinalumbira kuti atuluka bwino. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Inandikana ndili chiimire, ndiye indilole ndili chikhalire?" Anatembenukira kwa alangizi. "Mwananga, mawa undikweza."

"Agogo, iyi ndi njinga ya boma."

"Bomalo ndinalivotera ndine. Ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa, iwe uli kuti?"

Alangizi anati filimuyo ikhale yawo, poti ankafunanso chithunzi china. Mawa lake agogo anakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi monga amakhalira pa njinga yakapalasa, ambulera pamiyendo. Alangizi ankayendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Ndinamva agogo akuwamenya pamsana.

"Thamanga iwe! Ukufuna indikanenso?"

Njinga inalira, fumbi linadzuka. Ndinakanikiza zigongono mpaka nthiti kuwawa. Ndinawatsatira, n'kudina kamodzi. Anapitirira chigayo, ndipo mawu a agogo ankamvekabe, tsopano m'Chilomwe, akukalipa kuti njinga iime.

Chithunzicho chinatuluka. Chimanga ndi phiri zinapakika, koma agogo ankaoneka mpaka makwinya. Duku linali m'malere, kamwa yasa, mano awo atatu onse poyera, dzanja litakola alangizi pakhosi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndine ameneyu," anatero. "Ukachiike pagalasi. Akafunsa, uziti sindinkaopa."