Lole Yozima pa Khombedza

Amuna anga anamwalira m'mwezi wotentha, mvula isanagwe, zaka zija matipate atangoyamba, pamene aliyense ankalankhula zakukhosi m'minibasi osacheuka. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina ku Maganga. Iwo anali mlangizi wa zaulimi. Kwawo kunali ku Nkhotakota, ndipo n'kumene tinkayenera kukawaika.

Ndinene poyera, popeza panalibe amene sankadziwa: anali ndi mkazi wina pa Khombedza, wogulitsa kaunjika mumsika. Sanamukwatire, sanakamuonetse kwa akuluakulu, ndipo ine sindinamutchulepo m'nyumba mwanga. Akati akukayendera alimi a thonje, ndinkawasitira malaya n'kuwapatsa chipewa. Musati sindinkamva kuwawa. Ndinkamva, koma ndinkadziuza kuti bola ukwati tinadalitsa kutchalitchi ndi wanga, ndipo maliro adzakhala anga. Mkazi wamseri amalirira kuseri kwa nyumba. Tsiku lomaliza, kumutu kwa bokosi kudzakhala ine ndekha. Chokhacho n'chimene ndinadzisungira zaka zonsezo.

Kuofesi kwawo anatipatsa lole yadizilo, yakalekale, yoti inayamba kunyamula feteleza ine ndili mtsikana. Dalaivala anali bambo wachikulire wachisilamu wa kunyanja, munthu wosachulutsa mawu. Amalume a malemu, amene anabwera kudzatenga maliro, anakhala kutsogolo. Kumbuyo bokosi linali pakati, amayi a kutchalitchi mbali zonse, ine kumutu, ndipo pambali panga panali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Tinadutsa m'tauni ya Salima tikuyimba, n'kukhotera msewu wa kunyanja wopita kumpoto. Titangofika pa Khombedza, moyang'anizana ndi msika, lole inatsokomola, inanjenjemera, n'kuzima. Zii!

Ha! Msewu wonse uja, tchire lonse lija, lole n'kusankha pamenepo? Nyimbo inathera m'kamwa. Panalibe mayi amene anandiyang'ana, ndipo kusandiyang'anako n'kumene kunandiuza zimene ankaganiza.

Dalaivala anapotoza kiyi kangapo. Injini inkangokhosomola osagwira. Amuna ochepa amene tinali nawo anatsika n'kukankha, koma ayi ndithu. Kenako dalaivala anatsegula boneti n'kulowetsamo mutu.

Kwathu kuno galimoto ya maliro ikafa panjira, maganizo sayamba athamangira ku sipanala. Timati maliro akana, kutanthauza kuti malemu ali ndi mawu, pali wina amene sanatsanzikane naye. Amalume aja anatsika, anavula chipewa, n'kudzaima pafupi ndi bokosi.

“Mphwanga, tiye kwanu,” anatero. “Amayi ako akudikira. Usatichititse manyazi panjira.”

Dalaivala anayesanso kuliza. Lole inakana.

Mlamu wanga anandinong'oneza: “Alamu, mwina achimwene akufuna kutsanzika.”

“Kutsanzika ndani?”

“Aa, inunso alamu.”

Ndinkafuna kumukankhira pansi pa lole, Mulungu andikhululukire. Ndipo ndi pomwe ndinaona chikwangwani kutsidya kwa msewu, penti yake ikadali yowala: TIMAYEZA GALIMOTO NDI KOMPYUTA. Ndinali nditamvapo kusukulu za makaniko mwini chikwangwanicho. Ankati wabwera kumene kuchokera ku Joni ndi makina oti akangowabaya pagalimoto amatchula matenda ake, ngati kuchipatala. Masiku amenewo n'kuti galimoto za ku Japan zitayamba kuoneka, za aphungu atsopano ndi anthu amabizinesi.

Namfedwa satsika pamaliro. Ine ndinatsika. Ndinaoloka tala wotentha uja wopanda nsapato, amayi akundiitana kumbuyo. Ndinkafuna chinthu chimodzi: makinawo anene pamaso pa anthu onse kuti chafa ndi chitsulo, osati kuti mtima wa amuna anga watsalira mumsika muja.

Makaniko uja anali bambo wa msinkhu wapakati, wovala ovolosi yoyera bwino. Nditamuuza, anasuzumira kumsewu.

“Lole iti, mayi? Iyoyo?” Anakanda m'mutu. “Sindikukhulupirira kuti ilola.”

“Bambo, muli maliro mmenemo. Tiyeni.”

Anatenga chikwama chake chakuda n'kunditsata. Anthu a mumsika anali ataunjikana kale. Anatulutsa kamakina kokhala ngati wailesi yaing'ono, kali ndi galasi ndi mabatani, chingwe chachitali ndiponso timitu tosinthasintha tobayira. Anthu anasendera pafupi. Wina anakweza mwana paphewa kuti aone.

Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, akupapasa mawaya. Anatuluka, anayang'ana kuseri kwa mpando, anapita kuboneti n'kusuzumira mbali iyi ndi iyo, dalaivala akumupatsa mpata. Anatenga kamutu kena, anakayang'ana, n'kukabweza. Anatenganso kena. Thukuta linkatsika m'khosi mwake, ine ndili chiimire pambali pake ngati ndikudikira zotsatira za mayeso.

“Mayi, pepani,” anatero motsitsa mawu. “Palibe pobaya.”

“Palibe bwanji? Chikwangwani chanu chikuti mumayeza galimoto. Iyi ndi ngolo?”

Anandifotokozera mofatsa, ndipo mpaka lero ndimakumbukira. Anati kamakinako sikamvetsera injini ayi. Galimoto zatsopano zili ndi kabokosi kake ka kompyuta m'kati, kamene kamasunga vuto lililonse. Kamakina kake kamangofunsa kabokosiko, iko n'kuyankha ndi nambala, iye n'kukaona tanthauzo lake. Lole yathu inapangidwa zimenezo kulibe. Dizilo wake amayenda ndi pampu ndi mapaipi basi, mulibe choti chifunsidwe. Anati ngakhale mapikapu akale a petulo onyamula usipa sakalola, ndipo zina mwa za ku Japan zomwe, kamutu kamalowa bwinobwino koma galimotoyo osayankha, chifukwa inapangidwira makina a kwawoko.

“Kunena zoona, mayi, chibwerereni ine galimoto zimene kawerengapo pano n'zowerengeka.”

Ndinamugwira dzanja, ine mkazi wofedwa, pamaso pa amalume a amuna anga. “Ingobayani paliponse,” ndinanong'ona. “Tchulani nambala iliyonse. Anthuwa sadziwa.”

Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana pansi. “Pamaliro sindinganame, mayi. Ndikhoza kuthandizana ndi adalaivala ndi sipanala, koma kamakinaka sikanena kanthu.”

Mawu omaliza aja ndi amene anthu anatola. Mayi wina wogulitsa tomato anafuula kwa anzake a kumbuyo: “Akuti kompyuta sinapeze kanthu!” Pofika kumapeto kwa chikhamu, nkhani inali yoti kompyuta yayeza lole yonse ndipo yati ilibe vuto lililonse. Makaniko uja anakweza manja. “Sindinatero ayi! Ndati sikangawerenge!” Ndani akanamumvera? Amuna ankagwedeza mitu, amayi akugwira pakamwa. Kalanga ine! Ndinaoloka msewu ndekha kukaitana mboni, mboniyo n'kudzandimanga ine ndemwe.

Dzuwa linali paliwombo. Bokosi linali pa chitsulo chotentha, ndipo ntchentche zinali zitayamba kutera pansalu. Amayi ankakupiza ndi mabuku a nyimbo, ena atayamba kuphimba mphuno ndi nsonga za zitenje, mobisa kuti ine ndisaone. Ndinaona.

Amalume anabwera kwa ine, chipewa chili m'manja.

“Mayi, mwayesetsa, tonse taona. Ngakhale makina a azungu avomera. Dzuwa ili mukuliona nokha, ndipo mtembo sudikira. Tiloleni tiitane munthuyo.”

“Munthu wake uti, amalume? Mutchuleni.”

Sanamutchule. Anangokodola mlamu wanga, iye n'kutsika n'kulowa mumsika osafunsa njira kwa wina aliyense. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mlamu wangayo ankadyako kunyumba imeneyo.

Sanachedwe. Mkaziyo anali pafupi, kuseri kwa milu ya kaunjika. Anabwera atafunda chitenje kumutu, maso atatupa. Sanali wokongola monga ndinkamuganizira, anali wowonda, wakhosi lalitali, ndipo ankatsokomola. Kudzanja lake kunali kamtsikana koti kangayambe sukulu chaka chotsatira. Za mwana sindinkadziwa. Sipanafunike wondiuza, chipumi chinali cha amuna anga.

Ndinali nditakwera kale n'kukhala pamalo panga. Anthu anamukweza mkaziyo pamodzi ndi mwanayo. Anayenda ndi maondo mpaka pamapazi anga.

“Amayi, pepani,” anatero.

Ndinayang'ana kumbali. Ndikanatsegula pakamwa, pakanatuluka zoti amayi a kutchalitchi sakanazikhululuka. Iye anaika dzanja pabokosi, n'kugwiritsa dzanja la mwanayo pomwepo.

“Pitani bwino, bambo ake. Mwana ndi uyu. Musatisungire mawu.”

Nthawi yonseyi dalaivala ndi makaniko anali kuboneti. Ine ndi maso angawa ndinaona dalaivala akumasula kabawuti, akupopa ndi chala kapampu kena mpaka dizilo wathovu anatuluka, kenako n'kumanganso. Ndinaona. Koma anamaliza pa nthawi yomwe mkazi uja ankachotsa dzanja pabokosi. Dalaivalayo anakwera, anapotoza kiyi, lole inalira, utsi wakuda tolotolo.

Msika wonse unati: “Ooo!” Amayi a m'lole anayamba kulira mokweza ngati maliro achitika kumene. Ndinamenya ndi chibakera denga la kutsogolo mpaka dalaivala anasuzumira pawindo.

“Bambo, auzeni anthuwa chimene chinavuta!”

“Mwina mpweya unalowa m'mafuta, mayi,” anatero. “Mwinanso ayi. Wallahi, sindingalumbire. Allah ndiye akudziwa.”

Makaniko anali akupinda chingwe chake, osakweza mutu. Sanapemphe kanthu kwa aliyense. Ndinamukwiyira zaka zambiri munthu ameneyo, pamodzi ndi kamakina kake, ngakhale ndikudziwa kuti mwa anthu onse amene anali pamenepo ndi iye yekha amene ananena zoona zokhazokha.

Mkazi uja anayamba kubwerera chambuyo kuti atsike. Amalume anamuletsa ndi dzanja.

“Asatsike. Tikamusiya, izimanso kutsogoloku.”

Panalibe amene anandifunsa. M'lole munali mothina, ndipo amayi anayang'anana kusowa pomukhazika. Mlamu wanga anandigwira bondo.

“Alamu, tasunthani pang'ono.”

Ndinasuntha. Mkazi uja anakhala kumutu kwa bokosi, phewa lake likugunda langa pa bampu iliyonse, mwanayo atagona mwendo umodzi uli pa ine. Lole sinazimenso mpaka ku Nkhotakota. Titaika maliro, pa tsiku lometa, akuluakulu anayala mphasa imodzi n'kutimeta awiri.