Kandevu ka mpunga

Ndinayamba uphunzitsi ku Golomoti mpunga wa ku sikimu ya Bwanje utangoyamba kutchuka. Chaka chomwecho mnzanga wina wogwira ntchito kuchipatala anabwera ndi bolodi ya Sikirabo, masewera aja olumikiza zilembo kupanga mawu a Chingerezi. Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa tinkayala bolodiyo pakhonde panga, anthu n'kumaonerera. Poti wophunzitsa Chingerezi ndinali ine, dikishonale inkakhala pamiyendo panga. Mawu akakayikitsa, wotsegula ndi kugamula ndinali ine.

Mwa osewera munali bambo ena achikulire, mlimi wa mpunga. Sukulu analekeza Sitandade sikisi, koma ankawerenga chilichonse chowadutsa m'manja, ngakhale nyuzi yokulungira usipa. Mwana wawo wamkazi ndinkamuphunzitsa Fomu 3.

Tsiku lina masewera ali pafupi kutha, ine ndikutsogola pang'ono, bambowo anaika zilembo zitatu: A, W, N. Zinagwera malo ochulukitsa mapointi, ndipo akanandipitirira. Ndinaseka mokweza.

"Abambo, mwaiwala Y kutsogoloku. Mawuwo ndi yawn, kuyasamula."

Khonde lonse linaseka nane.

"Ayi aphunzitsi, alipo," anatero mofatsa. "Ndi kandevu kaja ka kunsonga kwa njere ya mpunga, kamene kamabaya m'manja pomweta. Anatiuza ndi alangizi a zaulimi."

Ndinatsegula dikishonale kuti ndiwathetse makani. Mawuwo analimo, ndipo tanthauzo lake linali lomwe ananenalo. Pakhondepo panali aphunzitsi anzanga awiri ndi makolo a ana anga a sukulu, onse akudikira pakamwa panga. Ndinatseka bukulo.

"Mulibe," ndinatero.

Anatola zilembo zawo chimodzichimodzi. "Pepani, mwina ndinamva molakwa. Makutu a ukalambawa." Masewerawo ndinapambana ndine.

Lachiwiri belu litalira, mwana wawo uja anatsalira m'kalasi. Anabwera patebulo panga atanyamula dikishonale ya sukulu, chala chili pakati pa masamba.

"Aphunzitsi, abambo anandituma ndione ngati mawu awa alimo. Ndawapeza. Ndikawauze chiyani?"

Sanandiyang'ane kumaso. Ndinamuuza kuti ndikawauza ndekha, kenaka ndinakhala m'kalasimo mpaka nthawi yopuma inatha, osalowa ku ofesi ya aphunzitsi.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku sikimu. Ndinawapeza ali m'matope, akuzula udzu mumpunga. Ndinaima pamzere ndi nsapato zanga zopolisha, n'kuwapatsa moni wautali kuposa masiku onse. Pomaliza ndinati, "Abambo, mawu aja alimo. Ndinanama."

Anaweramuka, n'kutsuka manja m'ngalande.

"Ndinadziwa, aphunzitsi. Ndinaona chala chanu chitaima papepala, milomo ikuwerenga. Mwana uja ndinamutuma kuti ndidziwe ngati mutu wanga ukadali bwino."

"Nanga bwanji simunanene pomwepo?"

"Pagulu paja? Ndiye ana athu akanamakumverani bwanji m'kalasi?"

Anandifunsa za mvula, za njinga yanga, n'kubwerera m'matope.

Mawa lake anabwera kudzasewera monga kale. Ine ndinapereka dikishonale kwa mnzanga wa kuchipatala uja, ndikuti maso akundivuta. Ndinali nditakonza zoti ndiulule pamaso pa onse, mawu ake ndinayeserera m'njira yonse yochokera ku Misa. Koma wina atayamba nthabwala yoti abambo asatipekerenso Chingerezi cha kumunda, ndinangoweramira zilembo zanga. Bambowo anaseka nawo.

Boma linandisamutsira kumtunda patapita zaka ziwiri. Za maliro a bambo aja ndinamva mochedwa, ataikidwa kale. Anthu a pakhonde paja amene akadali moyo akudziwabe kuti mkulu uja anapeka mawu, aphunzitsi n'kumugwira.